Anansi amene nkhondo inatibweretsera ku Limbuli

Amayi anzanga, mwezi watha ndinali ku maliro ku Limbuli. Tinkaika gogo wina wa zaka zoposa 80. Ndinagona pasiwa masiku awiri, kuphika ndinaphika nawo, ndipo posambitsa thupi anandiitana kuti ndilowe. Pobwerera, tili m'minibasi, mwana wanga wamkazi amene anandiperekeza anandifunsa kuti, "Amayi, kodi agogo amenewa anali ndani wanu? Ine ndimayesa abale anu onse ndimawadziwa." Ndinayamba ndakhala chete. Sanali azakhali anga, sanali a mfunda wathu, ngakhale tchalitchi sitinkapemphera chimodzi. Anali anansi athu basi. Anafika pakhomo pathu m'chaka cha 1986, mtolo pamutu, khanda kumbuyo, mwana wina akumukoka padzanja, akuthawa nkhondo ya ku Mozambique.

Funso la mwanayo linandichititsa manyazi. Ndi wamkulu, sukulu anapita nayo patali, koma za mayi amene anandiphunzitsa kukanda ufa wa buledi, amene anatisunga sabata yathunthu amayi atagonekedwa m'chipatala, anali asanamvepo. Wolakwa ndine, chifukwa sindinamufotokozere. Ndikhulupirira ambiri a inu muli ngati ine. Tinaleredwa ndi makomo ambiri, koma ana athu akukula osadziwa ngakhale dzina la munthu wokhala kuseri kwa mpanda. Mfundo yanga lero ndi imodzi. Chinansi chimene chinatilera chija ndi chimene chinapulumutsa miyoyo pa nthawi ya nkhondo ndi pambuyo pake, ndipo tikapanda kuchifotokoza ndi kuchichita ana athu akuona, chipita nafe kumanda.

Mzere wathu wa nyumba

Ndinakulira kuseri kwa msika wa Limbuli, pamzere wa nyumba zisanu ndi zitatu zoyang'ana kuphiri la Mulanje. Bambo anali kalaliki pa esiteti ina ya tiyi, amayi ankakazinga zitumbuwa. M'mawa uliwonse tinkadzutsidwa ndi mapazi a anthu opita kukathyola tiyi, madengu kumsana, mame akadali thoo pa udzu. Machesi anali a anthu ochepa. Moto ukazima, amayi ankandipatsa phale kuti ndikapale kwa aneba, ndipo sindinkabwerako ndi makala okha. Ndinkabwerako ndi nkhani yakuti uje wagona ndi malungo, uje mwana wake sanagone. Dzuwa lisanakwere, amayi anali atazungulira kale makomo amenewo.

Munthu woyamba pamzere wathu anali a telala. Makina awo a Singer ankakhala pakhonde la sitolo, ndipo ntchito yawo sinali kusoka kokha. Amayi amene amuna awo anali ku migodi ya ku Joni ankabwera ndi makalata kuti awawerengere ndi kuwalembera mayankho. A telala ankadziwa amene walandira ndalama, amene wasiyidwa ukwati, amene mwamuna wake wavulala, koma sitinamvepo nkhani ya munthu ikuchokera pakhonde limenelo. Yunifolomu yanga yoyamba anasoka pangongole, ndipo bambo anamaliza kulipira nditalowa kale Sitandade 2.

Pansi pa mtengo wa mango panali bambo wokonza njinga. Iwowa anali ndi wailesi, ndipo madzulo abambo ankasonkhana pamenepo kumvera nkhani za pa MBC, poti wailesi inali imodzi yomweyo dziko lonse. Ife ana tinkakhala chapatali kudikira machubu akutha oti timangire mpira wachikulunga.

Kumapeto kwa mzere kunali azamba, mayi wamfupi wosakonda kuseka. Lero timaphunzitsa kuti mayi aliyense azichilira kuchipatala, ndipo pamenepo sindibwerera m'mbuyo. Koma chinthu chimodzi ndimawayamikira mpaka pano. Mayi aliyense woyembekezera pamzere wathu, iwo ankadziwa miyezi yake. Akaona miyendo yatupa, kapena m'maso mwayera, ankapita kwa mwamuna wake n'kumuuza kuti abwereke njinga lero lomwe. Palibe mayi amene ankadwala kuchipinda anthu osadziwa.

Ndiye panali agogo a Keyala, msilikali wakale amene anakamenya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ku Burma. Mwezi wa November ukafika ankavala jekete lawo la mamendulo, ngakhale ndalama yokafikira ku chipilala cha asilikali ku Zomba analibe. Tinkawaopa chifukwa ankakalipa tikamaponya miyala pamalata. Za nkhondo sankakamba. Tikawafunsa ankangoti, "Pitani mukasewere fulaye."

Anthu amenewa onse anali ndi ufulu wondidzudzula. Ndikajomba kusukulu, nkhani inkafika kunyumba ine ndisanafike. Koma onsewa analinso ndi udindo wondidyetsa. Nsima ikapsa pakhomo pamene tikusewera phada, tonse tinkasamba m'manja.

Chaka chimene anadza

Limbuli ali pafupi ndi Muloza, ndipo ukangowoloka mtsinje wa Muloza wafika m'dziko la Mozambique, tauni ya Milange ili pomwepo. Nkhondo ya pakati pa boma la Frelimo ndi gulu la Renamo tinkaimva ngati nkhani ya akuluakulu, mpaka m'chaka cha 1986 pamene inafika ku Milange kwenikweniko. Ndinali ndi zaka 12. Usiku wina tinamva kugunda ngati mabingu koma kumwamba kuli nyenyezi. Anthu onse anatuluka panja. Agogo a Keyala, amene sankakamba za nkhondo aja, ndiwo anatikhazika mtima pansi. Anamvetsera, n'kunena kuti mfutizo zili kutali, sizitipeza. Kenaka anatembenukira kwa amayi athu n'kunena kuti, "Mawa muphike zambiri. Kukubwera anthu."

Anabweradi. Msewu wochokera ku Muloza unadzaza ndi anthu osenza mphasa, miphika ndi nkhuku, ena opanda kanthu kalikonse, ena atavala ziguduli. Patangopita nthawi pang'ono tinamva pa wailesi ya pansi pa mango ija kuti Pulezidenti Samora Machel wafa pa ngozi ya ndege pa 19 October, ndipo ndikukumbukira abambo achilendo akulira poyera, chinthu chimene ndinali ndisanaonepo. Zaka zotsatira anthu anapitiriza kulowa kudzera ku Mulanje, Nsanje, Chikwawa, Mwanza, Ntcheu, Dedza ndi Mangochi, mpaka chiwerengero cha othawa nkhondo m'Malawi chinapitirira 1 miliyoni. Kalembera wa 1987 anapeza kuti Amalawi tinalipo pafupifupi 8 miliyoni. Taganizani katundu amene dziko losauka ngati lathu linasenza.

Ambiri anapita kumsasa wa othawa nkhondo ku Muloza, koma ena ambiri analowa m'midzi ndi m'makomo. Mayi amene tinaika mwezi watha uja anaima pakhomo pathu kupempha madzi akumwa. Amayi anawapatsa madzi, kenaka phala, kenaka anasesa kakhitchini kathu ka udzu n'kuyalamo mphasa. Bambo atabwera kuntchito anadandaula. Malipiro anali ochepa, ana tinalipo asanu, nanga alendowa achoka liti? Amene anathetsa nkhaniyo ndi agogo anga aakazi. Analankhula ndi mlendoyo m'Chilomwe, anafunsana za mapiri ndi mitsinje, kenaka anauza bambo kuti, "Amayi anga anawoloka mtsinje womwewu ali ndi mtolo ngati umenewu. Akanawabweza, iwe ukanabadwira kuti?"

Agogo ankanena zoona, ndipo nkhaniyi ikukhudza ambiri a ife kuno ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo. Makolo a Alomwe ambiri anachokera ku Mozambique kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, kuthawa msonkho, ntchito yokakamiza ndi nkhanza za Apwitikizi. Atafika kuno anagwira thangata m'minda ya azungu, ndipo anapatsidwa dzina lonyoza limene a Lewis Bandawe ndi anzawo analimbana nalo m'zaka za m'ma 1940 kuti lichoke m'mabuku a boma. Choncho anthu amene anadza mu 1986 ankayenda m'mapazi a agogo athu.

Pamzere pathu tinkangowatcha Amayi a ku Milange. Amuna awo ankaphika buledi m'tauni muja, ndipo usiku wa mfuti uja anathawa kolowera kwina. Mayiwo anaumba uvuni wa dothi kuseri kwa khitchini n'kuyamba kuphika timabuledi timene ankatitcha pão. A telala anawakongoza ndalama ya ufa woyamba. Bambo wa njinga anawapangira thireyi ya lata. Pasanathe chaka ankagulitsa pamsika moyandikana ndi amayi, ndipo mchere ukatithera tinkakapempha kwa iwo.

Mwana wawo wamkazi anali msinkhu wanga. Anatiphunzitsa kuwerenga m'Chipwitikizi, ife tinamuphunzitsa jingo. Koma galimoto ikangophulitsa utsi pamsewu, ankathamangira pansi pa bedi n'kudzikodzera. Ife tinkaseka. Tsiku lina agogo a Keyala anatipeza tikuseka, ndipo anatikalipira kuposa masiku onse. Atatero anakhala pansi pakhomo la khitchini n'kumalankhula ndi mwanayo motsitsa mpaka anatuluka. Kuyambira pamenepo, madzulo ambiri tinkawaona awiriwo atakhala pakhonde akusenda chinangwa, osalankhula zambiri. Ndinazindikira nditakula kuti nkhalambayo inkadziwa chimene mwanayo ankamva, ndi chifukwa chake inkadana ndi miyala pamalata.

Sizonse zinali zokoma

Ndikanama ndikanena kuti tonse tinali oyera mtima. Chizolowezi chathu tikamakumbukira ubwana n'chakuti kale zonse zinali bwino, ndipo ana amatopa nazo nkhani zotere chifukwa amadziwa kuti tikubisa zina. Pamjigo panali mikangano, ena akuti alendo azitunga pomalizira. Nkhuni zinasowa, mitengo inatha, ndipo mlandu wonse unkagwera iwo. Alipo amene ankawalimitsa munda tsiku lonse n'kuwapatsa mbale imodzi ya gaga. Alipo amene ankadikira tsiku la chakudya cha thandizo kuti agule mafuta ophikira ndi nyemba pamtengo wolira kwa mayi amene akufuna ndalama ya sopo. Atsikana ena anakwatiwa ali ana ndi abambo a misinkhu ya atate awo, ife tikuonerera. Kanthu kakasowa pamsika, woyamba kumuloza chala anali wa ku Mozambique. Ine ndemwe ndinamuuzapo mnzanga uja titakangana pa phada kuti, "Uzipita kwanu." Sanandiyankhe. Mpaka lero mawu amenewo amandiwawa.

Koma ngakhale zinali choncho, amene anapeza khomo lowalandira anapeza moyo. Apa ndilankhule za umoyo pang'ono. M'chaka cha 1990 pakati pa othawa nkhondo m'Malawi panabuka matenda otchedwa pellagra. Amadza munthu akamadya chimanga chokhachokha kwa miyezi, thupi n'kusowa vitamini B3 amene amapezeka mu mtedza, nsomba, nyama ndi nyemba. Khungu la pakhosi, pamikono ndi pamapazi limada n'kumasupuka ngati lapsa ndi moto, munthu amatsegula m'mimba, ndipo akapanda kuthandizidwa mutu umasokonezeka mpaka kufa. Mtedza utasiya kubwera m'chakudya cha thandizo, anthu oposa 18,000 anapezeka ndi matendawa m'miyezi yochepa, ambiri mwa iwo amayi. Madokotala amene anafufuza mliriwu anapeza kuti unakula kwambiri m'misasa kusiyana ndi m'midzi momwe othawa nkhondo ankakhala pamodzi ndi eni dera, ndiponso kuti amene anali ndi kadimba, kapena ankapeza mtedza ndi nsomba, ankatetezeka.

Tamvetsani bwino pamenepa, amayi anzanga. Kadimba kameneko anawabwereka ndani? Nsinjiro zothira m'chigwada anawagawira ndani? Ndi mnansi. Amayi anga sankadziwa dzina la vitamini aliyense. Ankangodziwa kuti sungatendere ndiwo mnzako wa kukhitchini akudya nsima ya mchere. Kambale kamene kankadutsa pakati pa makomo awiri kanagwira ntchito imene galimoto za thandizo zinalephera chaka chimenecho.

Milange nkhondo itatha

Pa 4 October 1992 Pulezidenti Joaquim Chissano ndi mtsogoleri wa Renamo Afonso Dhlakama anasaina pangano la mtendere ku Rome. Mwa amkhalapakati munali gulu la Akatolika la Sant'Egidio ndi Arkiepiskopi Jaime Gonçalves wa ku Beira. Nkhondoyo inali itapha anthu pafupifupi 1 miliyoni. Chaka chimenecho kunali chilala choopsa, choncho chisangalalo chinali cha m'mimba mopanda kanthu, koma pamzere pathu tinavina mpaka usiku.

M'chaka cha 1993 anthu anayamba kubwerera. Amayi a ku Milange anati akufuna akaone kaye, ndipo amayi anandiuza kuti ndiwaperekeze. Tinawoloka pa Muloza wapansi. Tauniyo ili m'munsi mwa phiri la Tumbine, ndipo ndinali nditamva zambiri za kukongola kwake. Chimene ndinaona ndi nyumba zopanda madenga, zopanda zitseko ndi mawindo, makoma ali zibowo zokhazokha za zipolopolo. Tiyi wosadulidwa zaka zambiri anali atasanduka nkhalango. Aliyense amene tinakumana naye ankatichenjeza kuti tisapatuke m'njira, chifukwa m'tchire munali mabomba okwirira. Mabomba amenewo anatenga nthawi: dziko la Mozambique linalengeza kuti lamaliza kuchotsa onse odziwika m'chaka cha 2015.

Nyumba yawo tinaipeza. Pakati pa chipinda chochezera panali patamera mtengo wa papaya, uvuni wa amuna awo unali utagumuka. Mayiwo anaima nthawi yaitali osalira. Kenaka kuseri kunatulukira gogo wina amene anawazindikira, ndipo awiriwo anagwirana n'kuyamba kutchula maina a anthu a pamzere wawo wakale, khomo ndi khomo. Uyu anafera m'njira. Uyu ali ku Quelimane. Uyu anatengedwa ali mnyamata, sanabwerere. Za amuna awo palibe amene ankadziwa, ndipo sizinadziwike mpaka tsiku limene tinawaika.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti moyo unali utayamba kale m'mabwinjamo. Pansi pa mitengo panali msika. Amayi ankafolera ndi udzu pamwamba pa makoma a simenti. Ana ankaphunzira panja, mphunzitsi akulemba pakhoma lakupsa. Gogo uja anatilozera anyamata awiri ogulitsa fodya moyandikana n'kutinong'oneza kuti pankhondo anali mbali zosiyana. Ndinafunsa kuti zikutheka bwanji. Anati, "Chitsime n'chimodzi. Tikatunge kuti?" Pangano analemba ku Rome, koma amene analisandutsa mtendere ndi anthu otunga pachitsime chimodzi, obwerekana khasu, oikana maliro.

Madzulo tikubwerera ndinkayesa kuti mayiwo ayamba kukonzekera zosamuka. Titafika pamlatho anandiuza kuti, "Mwanawe, kwathu ndi kumene anthu amadziwa maina a ana anga." Ambiri anapita, ndipo pamzere pathu panakhala zii kwa miyezi. Iwo anatsala. Mwana wawo wamkazi uja anakwatiwa ku Milange, ndipo ndi amene anandiimbira foni ya maliro.

Pali chinanso chimene ana athu ayenera kudziwa. Anthu amene anabwerera aja anatsegula minda, ndipo pasanathe zaka khumi njinga zinayamba kuwoloka Muloza zitasenza matumba a chimanga kubwera pamsika wa Limbuli. Pa njala ya 2002, ndiponso ya 2005, mabanja ambiri a kuno kummwera anadya chimanga chochokera ku Milange. Amene tinawapatsa phala mu 1986 ndi amene anatigulitsa chimanga nkhokwe zathu zitauma. Akuluakulu sananame ponena kuti kupatsa n'kuika.

Nanga lero?

Ndikudziwa zimene ena a inu mukunena mumtima. Mukuti nthawi zinasintha. Malo anachepa, Mulanje anadzaza, nthaka yambiri yabwino ili ndi tiyi, ndipo munda umene agogo ankabwereketsa lero ukulimbiranidwa ndi zidzukulu khumi. Mukuti zinthu zinakwera mtengo, akuba anachuluka, ndipo munthu ukamulandira lero mawa akutengera kukhoti kuti malowo ndi ake. Mukutinso ntchito yolandira ovutika ili ndi eni ake, boma ndi mabungwe.

Zambiri mwa izi n'zoona, ndipo sindikuuza munthu kuti atsegule chitseko usiku kwa aliyense wogogoda. Koma tisadzinamize kuti makolo athu anali ndi zambiri. Amayi anga anali ndi nsalu ziwiri. Chimene anali nacho, chimene ife chikutithawa, n'chakuti ankadziwa anthu. Ankadziwa amene wagona ndi njala chifukwa ankalowa m'makomo. Ife tamanga mipanda ya njerwa, moto timayatsa ndi machesi athu, ndalama timatumizirana pafoni, ndipo uthenga wa maliro a khomo lachitatu timaumva pa WhatsApp. Palibe choipa pa zinthu zimenezi, koma zinatichotsera zifukwa zimene tinkapitira kwa anzathu. Ngati chifukwa chopitira kwa mnansi sichibweranso chokha, tiyenera kuchipanga dala.

Za mabungwe, ndinaona ndi maso anga ntchito yaikulu imene anagwira, ndipo popanda iwo anthu akanafa ochuluka. Koma bungwe limabwera ndi kaundula, limagawa, limapita. Silingadziwe kuti mtsikana wa m'tenti yachisanu wasiya kusamba mwezi wachitatu ndipo akuopa kunena. Silingakhale pakhonde n'kumasenda chinangwa ndi mwana amene amanjenjemera mvula ikayamba.

Ana otero tili nawo lero. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anagumula mapiri ndi kusefukiza mitsinje kuno ku Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi Blantyre. Anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, ndipo oposa 600,000 anasiya nyumba zawo. Misasa inatsekedwa, koma anthu aja sanathere pomwepo. Ena akuchita lendi kachipinda kuseri kwa nyumba yanu. Ena anapatsidwa malo m'mudzi umene sadziwamo aliyense, ndipo pamjigo akumva mawu omwe aja akuti obwera azitunga pomalizira. Kumapeto kwa 2024, zipolowe za pambuyo pa chisankho ku Mozambique zitakula, anthu zikwizikwi anawolokeranso ku Nsanje. Mtolo uja sunasiye kuyenda. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Pempho langa kwa inu ndi laling'ono, ndipo silifuna ndalama. Sabata ino, werengani makomo asanu oyandikana ndi lanu. Kodi mukudziwa amene amagona m'menemo, kumene anachokera, amene ali woyembekezera, amene akumwa mankhwala, nkhalamba imene ikukhala yokha? Ngati pali khomo limene simukulidziwa, pitaniko ndi kambale ka ndiwo, ndipo mutenge mwana kapena mdzukulu kuti ndiye anyamule. Mwana amaphunzira chinansi ndi miyendo. Pamsonkhano wa bungwe lathu la amayi kapena kumphakati, tikamalemba odwala oti tikawaone, tifunsenso kuti, "Kodi m'dera lathu mwafika ndani chaka chino?" Tisayang'ane kuti amapemphera kuti. Amayi a ku Milange sanafunsidwe za mpingo asanapatsidwe madzi.

Chachiwiri, fotokozani. Anthu amene anaona 1986 ndi maso akutha. A telala anapita, agogo a Keyala anapita kalekale, azamba anapita. M'midzi yathu mukadali agogo amene anawoloka Muloza kapena Ruo usiku, ndi ena amene anawayalira mphasa. Akhazikeni pansi ana akumva. Amene ali ndi foni ajambule mawu, amene amatha kulemba alembe m'kope. Munene zokoma ndi zochititsa manyazi zomwe, za buledi ndi za mbale ya gaga, kuti ana adziwe kuti anthu wamba ngati ife anasankha, ena bwino ena moipa, ndipo nawonso adzasankha.

Amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Alendo athu ambiri anakamukadi, koma ena anakhala, ndipo anatilera. M'minibasi muja ndinayamba kumufotokozera mwana wanga kuchokera pa phale la moto, ndipo tinafika pa Chitakale nkhani isanathe. Anandifunsa ngati ndinapepesa kwa mnzanga uja pa mawu a paphada. Ndinati ayi. Mwezi wa mawa tikupita limodzi ku Milange, ndipo mwana wanga wati iye ndiye adzanyamula nkhuku.